Makina anga a espresso ayamba kuchucha, ndithandizeni

Abale anga, ndikupempha nzeru kwa inu amene mumawadziwa makina a espresso a pakhomo, aja ofulira khofi wamphamvu. Anga ndinagula ogwiritsidwapo kale ntchito kuno ku London miyezi 8 yapitayo. Poyamba zinkayenda bwino ndithu: ndikaika magalamu 18 a khofi wogaya, ndinkapeza magalamu 36 m'kapu pa masekondi ngati 28, thovu lake lokhuthala bwino.

Masabata awiri apitawa zasintha. Khofi akungodontha pang'onopang'ono, akuwawa ngati wapserera, ndipo madzi otentha akuchucha m'mbali mwa portafilter, kachipangizo ka chogwirira komwe timaikamo khofi wogaya. Nditasuzumira pansi pomwe pamatulukira madzi, ndapeza rabala wake wauma gwaa, ndipo pa kasefa pamata zoyera zija zimene zimagwira m'ketulo. Madzi a kuno ali ndi laimu wambiri, ine sindinatsukepo mkati chigulireni.

Kodi nditsuke ndi citric acid (asidi wopezeka m'mandimu) kapena viniga? Nanga rabalayo ndingasinthe ndekha osawononga kanthu? Ndipo mumatsuka pakapita nthawi yaitali bwanji?

Zikundipweteka mtima chifukwa khofi amene ndili naye ndi wa ku Misuku, amayi ndi amene ananditumizira. Watsala paketi imodzi yokha.