Bolodi yanji yoyenera mafunde odukaduka a ku Langebaan?

Wakunyanja82: Moni nonse. Ndimakhala ku Cape Town, ndipo chaka chatha ndinaphunzira kuyenda pamadzi mokokedwa ndi kaiti ku Langebaan, makilomita pafupifupi 120 kulowera kumpoto pamsewu wa R27. Ndimalemera makilogalamu 78, ndipo bolodi yomwe ndinagula kwa munthu wina ndi twin-tip (bolodi yofanana mapeto onse awiri, yoyenda mbali zonse ziwiri) ya masentimita 145 mulitali ndi 45 mulifupi. Ku Shark Bay, malo a m'dziwe la Langebaan komwe madzi ndi osaya komanso abata, imandichitira bwino, koma ndikapita kugombe lalikulu la tauniyi mphepo itafika ma knots 25 (liwiro la makilomita pafupifupi 46 pa ola), mafunde aafupi odukaduka, onga aja a ku Senga Bay mwera ukamawomba mu Julaye, amaimenya pansi mpaka mawondo kuwawa, ndipo madzi amangondiwaza m'maso. Kodi vuto ndi kukula kwa bolodiyi kapena mapangidwe ake?

NyirendaWaKuBlouberg: Achimwene, bolodi yanuyo ndi yophunzirira, ndipo ntchito yake yatha. Bolodi yaikulu imathandiza munthu kudzuka msanga m'madzi ndiponso kuyenda mphepo ikachepa, koma mphepo ikakula mulifupi mwakemo ndi momwe mumasanduka vuto, chifukwa zimavuta kukanikiza m'mphepete mwake m'madzi, choncho bolodi imangodumphadumpha pamwamba pa funde lililonse ngati ngolo pamsewu wamabampu. Pa kulemera kwanu ndingakulangizeni ya 136 kapena 138 mulitali, 41 mulifupi. Anthu ambiri amayang'ana kutalika, pomwe masentimita anayi amene mungachepetse mulifupi ndi amene mudzawamve kwambiri m'miyendo. Dziwaninso kuti kuno mphepo yakummwera chakummawa imalimba kuyambira Novembala mpaka Malichi, moti masiku ambiri mudzakhala ndi kaiti ya masikweya mita 7 kapena 9, osati 12, ndipo mphamvu sidzakusowani.

MayiPhiri_WC: Ndikugwirizana nawo pa kukula, koma ine ndikuona kuti nkhani yaikulu ili pa mapangidwe. Muike bolodi yanu pansi posalala n'kuiyang'ana cham'mbali: kupindika komwe mukuona kuchoka kumapeto kuno kufika uko ndi kumene amati rocker. Bolodi yophunzirira imakhala pafupifupi yathyathyathya, n'chifukwa chake imamenya funde m'malo molikwera. Yopindika pang'ono imatsetsereka mofewa, ngakhale kuti imafuna mphepo yochulukirapo ndipo imavutirapo kukwera kumene mphepo ikuchokera. Madzi akukuwazani m'masowo akuchokera pangodya yakutsogolo. Mufune bolodi yomwe mapeto ake ndi opyapyala ndi ozungulira, osati a ngodya ngati chitseko.

Chinanso, musakopeke ndi bolodi ya carbon, yopangidwa ndi ulusi wolimba wopepuka. Ine ndinagula ya carbon chifukwa inali yopepuka komanso yokongola, ndipo nditaiyendetsa masabata atatu pamafunde oterewa, ndinkatsika masitepe apanyumba chammbali nditagwira khoma. Carbon ndi yolimba, siipindika kwenikweni, motero kugunda konse kumathera m'mawondo ndi mumsana. Bolodi yomwe mkati mwake muli mtengo wa paulownia imapindika n'kumeza kugundako. Ya carbon ija ndinagulitsa motchipa kwa mnyamata wokonda kudumpha m'mwamba, amene mawondo ake akadali atsopano.

Kamuzi_Saldanha: Bwanji osangosiya twin-tip n'kutenga bolodi yamphuno yonga ya osewera pamafunde akuluakulu, ya mafiti 5 ndi mainchesi 6 kapena kuyandikira pamenepo? Mphuno yake imadula mafunde, ndipo munthu amaima mawondo atapinda mwachibadwa. Apo ayi, foil, bolodi yokhala ndi mlongoti ndi phiko pansi pake, imakukwezani pamwamba pa mafunde onsewo moti simuwamva n'komwe.

NyirendaWaKuBlouberg: Malangizo amenewo ndi abwino kwa munthu wa zaka zitatu pamadzi, osati wa chaka chimodzi. Bolodi yamphuno imayenda mbali imodzi yokha, ndiye pokhota pamafunika kusintha mapazi uku bolodi ikugwedezeka, ndipo mnzathuyu adzatha nyengo yonse akusambira m'madzi ozizira kuthamangitsa bolodi yake. Za foil tisakambe n'komwe, popeza mlongoti wake umafuna madzi akuya ndipo Shark Bay komwe amakonda ndi kosaya.

MayiPhiri_WC: Ndinaiwala chimodzi. Musanawononge ndalama, muone tebulo la kudzaza ndi kuphwa kwa nyanja. Khomo la dziwe la Langebaan lili kumpoto, kulowera ku Saldanha Bay, pomwe mphepo imachokera kummwera, choncho nyanja ikamadzaza madzi amayenda molimbana ndi mphepo ndipo mafunde amaima njo, aafupi komanso otsatizana. Mupite tsiku lotero, mubwereke bolodi ya 138 kwa mnzanu kwa theka la ola, mumange malamba a mapazi mothina pang'ono kuposa mmene mumachitira, mupinde mwendo wakumbuyo, kenako mudzatiuze mmene mawondo adzadzukire mawa lake.