Gulu la Banja: Za Damu la Kumunda

Lolemba

19:04 Malume: Madzulo abwino nonse. Nkhani ya damu ija isagone. Mvula ikatipeza tisanakumbe, ndiye kuti dimba lidzaumanso chaka chamawa monga laumira chino. Thirakitala ili bwino, oyilo tasintha. Ine ndakhoma kale zikhomo kumunsi kwa munda, pamene madzi amadutsa paja. Mamita 20 m'litali, 15 m'lifupi, kuya mamita 2.

19:09 Mayi: Kumunsi kwake pati achimwene? Pafupi ndi mtengo waukulu uja?

19:10 Malume: Pomwepo achemwali.

19:13 Mayi: Pamenepo pansi pali mchenga. Malemu bambo anakumbapo chitsime, chinkangogumuka m'mbali mpaka anachikwirira. Ndinali mtsikana, dothi lake ndinkatuta nawo. Linali loyera, lokhukhuluzika m'manja.

19:15 Msuweni: Komatu azakhali pamwamba ndi makande okhaokha. Mvula ikagwa madzi amaima sabata yathunthu.

19:16 Achimwene: Ine ndikuti tiyambe Loweruka. Masiku awiri, atatu, ntchito yatha. Thirakitala tinasonkheranji ngati tikuiopa?

19:24 Alamu: Pepani ndilowererepo, poti ntchito za dothi ndi zimene ndimadyera. Makande a pamwamba satiuza kanthu za pansi. Madzi amaima chifukwa cha kachikhungu ka dongo kali pamwambako. Mukakaboola n'kufika pa mchenga, damu lidzadzaza ndi mvula yoyamba, pakatha milungu ingapo n'kutsala matope. Zimene akunena amayi tisazitaye. Tiyeze dothi kaye.

19:26 Malume: Kuyeza kwake kotani mkamwini? Kutumiza dothi kwa akatswiri?

19:35 Alamu: Tingathe tokha malume. Kumbani maenje awiri kapena atatu, m'malo osiyana. Tengani dothi la pansi pa dzenje, mulinyowetse pang'ono, muumbe mpira wokwana m'dzanja. Muuponye m'mwamba n'kuuwakha. Ukamwazika, mchenga wachuluka. Ukakhala wathunthu, mufinye pakati pa chala chachikulu ndi chamkombaphala kuti utuluke ngati kalamba. Dongo labwino limatalika osaduka msanga. Pa khoma la damu pamafunika dothi lokhala ndi dongo losachepera 20 peresenti. Kenako kuyeza kwa madzi. Dzenje lofika m'chiuno mulidzaze m'mawa. Madzulo mupeza latsika chifukwa dothi louma lamwa, mudzazenso mpaka pakamwa, muvundikire ndi malata kapena masamba kuti dzuwa lisabe. M'mawa mwake muone. Ngati madzi ambiri alimo, malowo asunga madzi.

19:37 Achemwali: Ndipo pa dzenje limodzi mupitirize kuboola mpaka kupyola mamita 2, eti bambo? Tidziwe chili pansi pa damulo.

19:39 Alamu: Eya. Koma munthu asalowe m'dzenje lopyola m'chifuwa la makoma oongoka. Dothi likagumuka silichenjeza. Pofika pamenepo gwiritsani chitsulo choboolera muli pamwamba.

19:41 Msuweni: Mawa m'mawa ndikumba. Limodzi pa zikhomo za adadi, lina chakumtunda pa dothi lofiira lija.

19:50 Ine: Achimwene, za masiku awiri zija ndawerengera. M'mbali sitingakumbe choongoka, alamu anati pa mita imodzi yotsika tizipita mamita 3 chamtsogolo. Ndiye pamwamba 20 ndi 15, pansi patsala mamita 8 ndi 3 okha. Dothi lotuluka ndi makyubiki mita 276. Likakumbidwa limafufuma, lifika cha m'ma 350. Baketi ya thirakitala yathu, yotapira dothi ya kutsogolo ija, imanyamula pafupifupi kota ya kyubiki mita. Ndi maulendo 1,400. Ulendo uliwonse utatenga mphindi zitatu, ndi maola 70, osawerengera kuswa dothi ndi kutsindira.

19:52 Achimwene: Maola 70?

19:53 Ine: Kutuluka osatitimira, osaphulika tayala.

19:55 Mayi Aang'ono: Nanga madzi ake angakhale ochuluka bwanji mwananga? Ine ndiwo ndikufuna kumva.

19:57 Ine: Likadzaza, malita 276,000 amayi. Koma dzuwa nalo limatenga gawo lake. Patsiku lotentha madzi atatsika mamilimita 5, pa damu la kukula kumeneku ndi malita 1,500 apita osathirira kanthu. N'chifukwa chake kuya tisachepetse.

Lachitatu

06:42 Msuweni: [chithunzi] Dzenje la kumunsi. Dzulo madzulo ndinadzaza mpaka pakamwa. Lero mwatsala chinyezi chokha.

06:43 Msuweni: [chithunzi] La kumtunda. Latsika zala zinayi basi.

06:45 Msuweni: Kumunsi makande athera pa masentimita 70, kenako mchenga woyera wosakanikirana ndi timiyala. Mpira wake sukugwirana n'komwe. Kumtunda ndaboola mamita 2 ndi theka, dongo lokhalokha, chitsulo chimachita kukanirira. Kalamba kake kanafika utali wa chala chisanaduke.

06:58 Mayi: Ndi mchenga womwe uja.

07:20 Malume: Ndaona. Koma funso langa ndi ili. Kumtunda madzi adzafikako bwanji? Ine ndinasankha kumunsi chifukwa madzi onse a m'munda amathera kumeneko. Damu lopanda madzi ndi dzenje chabe.

07:34 Alamu: Funso ndi loona malume. Koma taonani malo amene ali pamwamba pa dothi lofiiralo, munda wonse wa kumpoto ndi msewu wolowera uja. Milimita imodzi ya mvula pa sikweya mita imodzi ndi lita imodzi. Pa hekitala imodzi, mvula ya mamilimita 30 ndi malita 300,000. Ambiri amalowa m'nthaka, inde, koma otsalawo tikawakokera ndi ngalande imodzi yoyenda chopingasa, mvula zingapo zidzaza damu. Ndipo pali china. Njira imene madzi onse amathamangira ndi yoopsa kumangapo khoma. Tsiku la mvula yamphamvu madzi adzabwera ndi zinyalala ndi matope, n'kudumpha khoma. Khoma la dothi madzi akangolidumpha limadyeka mofulumira, ndipo kumunsi kuli minda ya anthu ena.

07:41 Malume: Za minda ya eni zo ndazimva. Sindifuna milandu. Ndikazula zikhomo.

07:43 Mayi Aang'ono: Ubwino wina kumtunda madzi adzatsika okha kupita ku dimba, osafuna pampu.

07:45 Alamu: Ndithu amayi. Paipi tiiike pomanga khoma, osati kudzaboola pambuyo. Ndipo dongo lozungulira paipiyo titsindire ndi manja, ndi mtengo, chifukwa madamu ambiri amayamba kuchucha motsatira paipi.

12:15 Achimwene: Ndiye thirakitala ikwanitsa dongo limene likukanirira chitsulo?

12:31 Alamu: Apa ndiye pali nkhani alamu. Thirakitala yathu ya injini ya mphamvu ya mahosipawa 35 ndi yogwira ntchito, koma baketi ya kutsogolo anaipangira kutapa dothi lofewa ndi kunyamula. Mukamaigunditsa pa dongo louma mupinda mikono yake, ma hydraulic okweza baketi ayamba kudontha oyilo, matayala azingozungulira pamalo amodzi. Kakumbidwe kake ndi kotere. Chitsulo chakumbuyo chokhala ndi mano chija, mutsitse manowo, muyende mukung'amba dothi masentimita 10 kapena 15. Kenako mutembenuke, mutape ndi baketi zimene mwang'ambazo. Kusenda pang'onopang'ono, damu lonse mofanana, osati kukumba dzenje lakuya pakona imodzi. Mbali imodzi musiye yotsetsereka bwino, yolowera ndi kutulukira.

12:33 Achimwene: Zitenga mwezi zimenezo.

12:40 Achemwali: N'chifukwa chake ine ndikuti tigawe ntchito. Mita yoyamba thirakitala yathu ichite. Yakuya, ndi ngalande ya pansi pa khoma, tichite hayala chikatapila tsiku limodzi kapena awiri. Chizikumba n'kuunjika, thirakitala izituta. Tikawerengera dizilo wa maola onsewo ndi zokonzetsa zikathyoka, kusiyana sikungakhale kwakukulu.

12:44 Malume: Ine za hayala zimandiwawa. Tinagula makina athu kuti tisamapemphe.

12:52 Mayi: Achimwene, thirakitala yomweyo ndi imene tikuyembekezera kuti itilimire mvula ikagwa. Ikathyoka m'damu tidzalima ndi chiyani?

13:05 Malume: Chabwino. Funsani kaye mtengo wake, tione.

13:06 Ine: Ndifunsa malo atatu, ndibweretsa pano Lachisanu.

13:09 Msuweni: Alamu, ngalande ya pansi pa khoma ndiye iti? Ine ndimayesa tingounjika dothi kumunsi kwa dzenje.

13:26 Alamu: Ayi, kungounjika ndiye kutaya ntchito. Malowo ndi opendekeka, ndiye mbali ya kumunsi madzi adzatsamira khoma. Choyamba chotsani dothi lonse la pamwamba, la udzu ndi mizu, masentimita 20 kapena kuposa, muunjike padera. Limenelo lisalowe m'khoma, mizu ikaola imasiya tinjira ta madzi. Kenako pakati pa mzere wa khoma mukumbe ngalande mpaka mulowe bwino m'dongo lolimba, yotakata moti thirakitala iyendemo. Mudzaze ndi dongo labwino kwambiri limene mwapeza. Imeneyo ndiyo imatseka madzi oyenda pansi pa khoma. Dothi muziyala masentimita 15, mutsindire, muyalenso 15. Matayala a thirakitala sanapangidwe kuti azitsindira, ndiye mudzaze baketi kuti ilemere, muyende kubwerezabwereza, mzere wa tayala uzigundana ndi unzake. Dongo likhale lachinyezi. Likamaumbika m'manja osatuluka madzi ndiye lafika. Louma silitsindirika, limangokhala zibuma, muziwaza madzi.

13:29 Alamu: Khoma litalike theka la mita pamwamba pa pofika madzi, muonjezerenso gawo limodzi mwa 10 chifukwa lidzakhazikika. Pamwamba pake mamita 3 kuti thirakitala izidutsa. Potulukira madzi osefukira mukumbe pambali, pa nthaka yosakumbidwa, pakhale potakata, mudzale udzu. Pa khoma penipeni ayi. Ndipo ngati pali chulu pa mzerewo, tisunthe mzere. Chiswe chimaboola khoma.

13:31 Mayi Aang'ono: Ine ndimaganiza zodzala mitengo ya zipatso pa khomapo.

13:33 Alamu: Pa khoma udzu wokha amayi, woyanga. Dothi la pamwamba tinaunjika lija tidzayala pamenepo kuti udzu ugwire msanga. Mitengo idzalidwe patali, mizu yake imafunafuna madzi.

20:02 Achemwali: Msuweni, pa chithunzi cha m'mawa chija ndaona thirakitala kumbuyo. Chitsulo chokhota cha pamwamba pa mpando chili kuti?

20:05 Msuweni: Ndinachipinda kuti ndizidutsa pansi pa mitengo.

20:07 Achemwali: Chiimike lero lomwe. Sindikuseka.

20:18 Alamu: Akunena zoona. Chimenecho ndicho chimakusiyira malo thirakitala ikagubuduzika, koma chimathandiza pokhapokha wamanga lamba. Ntchito ya damu ndi imene imagwetsa mathirakitala aang'ono, chifukwa ndi opapatiza. Baketi yodzaza uziyenda nayo pansi, pafupi ndi nthaka. Ukaikweza m'mwamba n'kukhota, tayala limodzi likaponda pofewa, yapita. Kumbuyo kukhale cholemera nthawi zonse, chitsulo cha mano chija chisachoke. Pamalo opendekeka uziyenda chokwera kapena chotsika, osadula chopingasa, ndipo baketi ikakhala yodzaza iziyang'ana kumtunda. M'mphepete mwa khoma latsopano usayandikire, dothi lake likadali lofewa. Ukatitimira usalimbane nayo ndi giya yakutsogolo, yesa kubwerera m'mbuyo. Pokoka china chilichonse, tcheni chimangidwe pa chokokera cha pansi. Ukamanga pamwamba pa ekiselo, thirakitala imadzuka kutsogolo n'kugwa chagada.

20:21 Malume: Wamva? Ndipo ana aja umawakweza pa madigadi, zithe.

20:22 Msuweni: Ndamva adadi. Ndachiimika, mapini ndamanga.

20:24 Mayi: Asamagwirenso yekha. Pazikhala munthu wina pafupi wokhala ndi foni.

20:37 Mayi Aang'ono: Poti mwatchula ana, ine mtima wanga uli pamenepo kuyambira Lolemba. Madzi a mamita 2 ndi manda kwa mwana, ndipo dongo lonyowa limaterera, ngakhale wamkulu amavutika kutuluka. Zidzukulu zanga zimasewera kumundako tsiku lililonse. Ndalama ya mpanda ilowe m'chosonkha choyamba, osati tidzaona pambuyo. Mvula yoyamba ipeze waya ndi geti zili kale. Popanda zimenezo ine sindivomera kuti damu likumbidwe.

20:40 Achimwene: Mpanda ndi geti ndatenga ine amayi. Ndigula waya, mitengo tidula kumunda konko.

20:43 Alamu: Mpandawo uletsanso ng'ombe. Zikamamwera m'damu zimaponda m'mbali n'kugumula. Zizimwera mu chomwera kumunsi, madzi azichokera pa paipi ija. Polowera ngalande tikumbenso kadzenje kokhazikitsa matope, kosavuta kukokolola.

20:46 Achemwali: Nanga udzudzu?

20:49 Alamu: Umaswana m'mbali mosaya, mwa udzu. Tizilambula, ndipo tikaikamo nsomba zimadya mphutsi zake.

20:55 Ine: Chinanso malume, tisanayambe tifunse ku ofesi yoona za madzi ngati damu la kukula kumeneku likufuna chilolezo, ndipo eni minda ya kumunsi tiwauze. Komanso paipi yopita ku khola ija imadutsa pati? Tisaidule ndi mano a thirakitala.

21:01 Malume: Paipi imatsata mpanda wakale, ndikaikhomera zikhomo. Kwa anzathu a kumunsi ndipita ndekha mawa. Ku ofesi upite iwe mphwanga.

21:03 Achemwali: Ine ndisunga ndalama ndi kulemba. Mitengo ya chikatapila ikabwera Lachisanu ndigawa pa mabanja asanu, dizilo ndi paipi momwemo. Achimwene poti atenga mpanda, gawo lawo lichepa.

21:05 Mayi: Ine ndidzayang'anira zothira madzi pa dongo. Migolo iwiri ndili nayo.

21:08 Alamu: Loweruka ndibwera ndi paipi yoonekera mkati yoyezera levulo, ndi chingwe. Tikhoma zikhomo zatsopano, ndi kuona pofika madzi. Msuweni, usayambe kusenda dothi ndisanafike.

21:09 Msuweni: Ndidikira. Mawa ndikumba dzenje lachitatu pamene padzakhale khoma, tione ngati dongo lafikanso kumeneko.

21:10 Alamu: Ukavundikire maenje onse ukamachoka.