Kodi yoga ingalowe m'malo mwa mapiritsi a BP a amayi anga?

mwana_wachisamba:
Abale, ndithandizeni nzeru. Amayi anga amamwa amlodipine m'mawa uliwonse chifukwa cha BP. Mdzukulu wawo anawaonetsa mavidiyo a yoga pa YouTube, ndiye madzulo akumakhala pamkeka, kukoka mpweya ndi mphuno n'kumautulutsa pang'onopang'ono. Akuti tulo akugona tabwino, mtima sukugundanso mwamphamvu akagona. Ine ndikusangalala nawo, koma ayamba kunena zoti mapiritsi atopa nawo, awasiye. Kodi asayansi anapezadi kanthu pa zimenezi?

namwino_wopuma:
Achemwali, bata limene amayi akumvalo ndi lenileni. Munthu wamkulu akakhala phee amapuma ka 12 mpaka ka 20 pa mphindi. Akachepetsa kufika pa ka 6, makamaka akamachedwa potulutsa mpweya, mtsempha wa vagus, wochokera ku ubongo, umauza mtima kuti uchepetse liwiro. Koma kafukufuku wambiri akamuika pamodzi, yoga imatsitsa nambala yapamwamba ya BP ndi 5 kapena chapompo. Munthu amene popanda mankhwala amafika 170, 5 yekhayo sangamutchinjirize ku sitiroko.

Ku India komwe, kwawo kwa yoga, kafukufuku wa Yoga-CaRe amene anatuluka mu 2020 anatsatira anthu pafupifupi 4,000 omwe anadwalapo mtima mwadzidzidzi. Ochita yoga ankadzimva bwino m'thupi ndipo ankabwerera msanga ku ntchito zawo, koma pa imfa ndi kudwalanso mtima kusiyana kooneka panalibe.

Chonde, mapiritsi asasiye. BP imapha munthu akudzimva kuti ali bwinobwino. Muziwayeza, manambala muzilemba pakapepala, mukapite nako ku kiliniki limodzi ndi buku lawo lachipatala. Ngati yatsikadi, adokotala ndi amene angachepetse mlingo.

dalaivala_wa_thiraki:
Ine za BP sindilowererapo, koma pa msana ndine mboni. Kukhala pachiwongolero tsiku lonse kunandiumitsa m'chiuno, moti kumanga zingwe za nsapato ndinkachita kukhala pansi. Pano ndikaima pamalo opumira ndimayala katoni pambali pa galimoto, kugwada, kukweza msana ndi kuutsitsa. Bungwe la madokotala la American College of Physicians linaika yoga mu 2017 pa njira zoyamba kuyesa msana ukakhala wopweteka nthawi yaitali, munthu asanathamangire mankhwala. A Cochrane, gulu lounika kafukufuku wa zaumoyo, ataunika mu 2022 anapeza kuti phindu lake ndi laling'ono, ndipo silisiyana kwenikweni ndi la masewera ena olimbitsa msana. Kwa ine laling'onolo ndi lomwe landibwezera kuwerama.

namwino_wopuma:
Zoona achimwene. Ndionjezere chimodzi: m'mavidiyomo muli kapumidwe kothamanga kotchedwa kapalabhati, kopopa mimba mwachangu. Kameneko amayi akapewe, kamabweretsa chizungulire. Zozondoka mutu pansi nazonso ayi, zimakweza mphamvu ya madzi a m'maso, zomwe ndi zoopsa kwa wodwala matenda a maso a glaucoma.

mwana_wachisamba:
Zikomo kwambiri nonse. Kamakina koyezera ndibwereka kwa aneba, ndiyambe kulemba mawa m'mawa asanamwe phala. Nanga ndi bwino kuwayeza asanayambe yogayo kapena atamaliza?

namwino_wopuma:
Asanayambe, atakhala pampando mphindi 5, mkono uli patebulo. Mukayeza atangomaliza yogayo, nambala ikunamizani.