Masitampa akale a agogo, ndiwasunge bwanji?

Abale anga ndithandizeniko nzeru. Sabata yatha tinali kumudzi ku Katete kuyeretsa nyumba ya malemu agogo aamuna, nde mu thilanki yao ya chitsulo ndapezamo mtolo wa makalata omangidwa ndi kansalu, ena chidindo chake chalembedwa Fort Jameson, ija Chipata isanakhale Chipata.

Pali sitampa imodzi yandizunguza mutu, ya Rhodesia and Nyasaland ya 1955, ili ndi nkhope ya Livingstone ndi mathithi a Mosi-oa-Tunya, yokumbukira zaka 100 chifikireni iye pamenepo mu 1855. Ukaiyendetsa chala inki imamveka tokhakhala, timizere ting'onoting'ono ngati pa ndalama ya pepala, mwana wanga akuti ndi chifukwa chithunzicho anachita kuzokota pa chitsulo asanadinde. Ya ufulu wa 1964 ija ya a Kaunda njosalala chabe, simveka choncho. Mitengo yake ndi ya mapeni ndi masheleni, kwacha ndi ngwee zisanabwere mu 1968.

Manje vuto ndi ili, ena ayamba madontho ofiirira, kaya ndi chinyezi cha dzinja, ndipo njenjete zadya m'makona. Achimwene akuti ndiviike m'madzi ndimatule, ine ndakana kaye poti chidindocho ndiye chikundisangalatsa, nanga inki ikasungunuka? Ndiwasiye pa envelopu pomwepo kapena? Nanga kuno ku Chipata alipo amene amagulitsa ma alubamu a masitampa, olo ndi mpaka ku Lusaka? Kugulitsa sindikufuna, ndingodziwako chabe ngati ali ndi mtengo, poti asisi anafuna kuyatsira mbaula.