Wodwala COPD akabanika kwambiri, mumadziwa bwanji kuti moyo uli pachiswe?

Anzanga azaumoyo, ndithandizeni nzeru. Ndimagwira ntchito m'wodi kuno ku Zomba, ndipo kukazizira mu June ndi July timalandira odwala COPD (matenda okhalitsa a m'mapapo otsekereza mpweya) ambiri atabanika. Ambiri ndi amayi achikulire ochokera ku Chingale kapena ku Mayaka, osasuta fodya, koma aphikira nkhuni m'khitchini yautsi moyo wawo wonse. Ena adadwalapo TB. Amafika milomo itada, akulephera kumaliza chiganizo.

Ndawerenga za DECAF, njira yopatsa wodwala mapointi oonetsa chiopsezo cha imfa, imene imayang'ana zinthu zisanu: kubanika kwa masiku onse, ma eosinophil (mtundu wina wa maselo oyera a m'magazi) otsika, chibayo pa X-ray, asidi m'magazi (pH yochepera 7.30) ndi atrial fibrillation (mtima kugunda mosalongosoka). Mapointi akafika 3, chiopsezo cha imfa ndi chachikulu. Koma popanda makina a blood gas oyezera asidi m'magazi, pH tiipeza kuti? Komanso adaiyesa pa odwala a ku England, ambiri osuta.

Njira ina yotere, BAP-65, ikuoneka yotheka kwathu kuno, chifukwa imangofuna urea ya m'magazi, kusokonezeka mutu, mtima wothamanga kufika 109 ndi zaka za wodwala. Alipo amene amaigwiritsa ntchito? Ma concentrator (makina opereka oxygen) akachepa, mumayamba ndi ndani? Oxygen ya m'magazi timaisunga pa 88 mpaka 92 peresenti, koma achibale akandifunsa kuti "kodi amayi achira?" ndimafuna kuwayankha zoona.