Madzi akuoneka abwino koma matope ali ndi radium wambiri, zikutheka bwanji?

Wofunsa: Akuluakulu, ndithandizeni. Pamtsinje pomwe ankatayirapo madzi amchere ochokera m'zitsime za mafuta, madzi akapimidwa radium (chitsulo chotulutsa cheza choopsa cha radiation) akupezeka wochepa, koma m'matope a pansi ndi wochuluka. Amakakamira bwanji, ndipo angathe yekha?

Wazanthaka: Nkhani yagona pa mchere, achimwene. Madziwo akamatuluka m'chitsime amakhala ndi sodium ndi calcium wambiri, ndipo izi zimalanda malo onse pa timibulu ta dongo, radium n'kumangoyenda ndi madzi. Akangosakanikirana ndi madzi a mumtsinje mchere umachepa, malo aja amatseguka, radium n'kumatirira pa dongo ndi pa dzimbiri la iron ndi manganese. N'chifukwa chake pafupi ndi potayira ndi pamene pamaipitsitsa. Mchenga sugwira kwenikweni.

Njira ina ndi ya barite. Barium wa m'madzi otayidwawo akakumana ndi sulfate amapanga timiyala tosasungunuka msanga, radium n'kutsekeredwa m'kati mwake. Ndi zomwezi zimakakamira m'mapaipi.

Mayi wa Labu: Zoti angathe yekha iwalani. Mtundu wa radium wotchedwa radium-228 umatsika ndi theka pa zaka 5.75, koma wa radium-226 umafuna zaka 1,600. Komanso bambo Wazanthaka, musawapatse chithunzi choti akagwidwa wagwidwiratu. Matope akakwiririka n'kusowa okosijeni, dzimbiri lija limasungunuka, mabakiteriya ena amadya sulfate wa mu barite uja, radium n'kubwerera m'madzi. Asidi kapena madzi ena amchere akafikapo, amamumasulanso pa dongo.

Wopima: Ambiri amalakwitsa potenga sampulo: amangokokola pamwamba basi. Zikani paipi, mutulutse matope osawasokoneza, muwadule masentimita 5 aliwonse. Tenganinso ena kumtunda kwa potayira kuti mukhale ndi poyerekezera; nthaka wamba imakhala ndi radium-226 wa pafupifupi 30 Bq (muyezo wa kuchuluka kwa radiation) pa kilogalamu. Umitsani, sefani ndi sefa ya mamilimita 2, tsekani m'botolo losatulutsa mpweya kwa masabata atatu kapena anayi musanapime ndi makina a gamma (oyeza cheza cha radiation). Botolo likamapuma, radon (mpweya wochokera ku radium) amathawa ndipo manambala amatsika mwabodza.

Osafulumira kufukula ndi katapila. Matope ovundulidwa amatengedwa ndi madzi kupita kumunsi, ndipo owuma amasanduka fumbi lomwe ogwira ntchito amapuma. Yambani mwadziwa kuti radium wazama mpaka pati.