Pempho la malangizo pa kuphunzitsa Chifalansa pogwiritsa ntchito intaneti

Aphunzitsi anzanga ndi makolo a kuno ku Harare, ndikupempha nzeru zanu. Ndimaphunzitsa Chifalansa pa sukulu ina ya sekondale ku Highfield, ndipo ophunzira anga akukonzekera mayeso a DELF (oyesa luso la Chifalansa) a gawo la A2 (gawo lachiwiri la ongoyamba kumene), amene amalembedwa ku bungwe lophunzitsa Chifalansa la Alliance Française. Vuto lawo lalikulu lili pa kumvetsera, chifukwa akatuluka m'kalasi samvanso munthu aliyense akulankhula chinenerochi.

Wailesi yakanema ya TV5Monde ndi wailesi ya RFI, zonse za Chifalansa, zili ndi maphunziro aulere pa intaneti a mavidiyo komanso nkhani zolankhulidwa m'Chifalansa chosavuta, koma mavidiyowo amatha bandulo msanga, pomwe ana ambiri amadalira foni ya makolo yokhala ndi bandulo ya WhatsApp yokha. Kodi ndi bwino kutsitsiratu mawu ojambulidwa n'kuwatumiza pagulu la WhatsApp la kalasi, kapena pali njira ina yabwinopo? Nanga magetsi akazima, phunzirolo mumalipitiriza bwanji?

Chimene chikundidetsa nkhawa kwambiri n'chakuti ena amangokopera ziganizo pa Google Translate, osamvetsa n'komwe mmene mneni amasinthira. Kodi inu mumawaletseratu, kapena mumawaphunzitsa kuigwiritsa ntchito moyenera?